Thonje wa Mphuno Yakuda

Khalani pansi, ana inu. Iwe Dalitso, ika foniyo m'thumba, sithawa. Tamala, sendera kuno, ndipo katoni ya kaluluyo uyiike apa pamene mphepo siikufika. Kuyambira Lachitatu mwakhala mukundizungulira ngati ntchentche: "Ba shikulu, munamupeleka kuti kalulu? Ba shikulu, munali kufuna kumugulitsa?" Choyamba, ine si ba shikulu, ndine agogo anu a ku Katete, ndikuuzeni kangati? Chachiwiri, ndikanafuna kumuchita zoipa kaluluyo, bwenzi pano mukutokosa m'mano. Lero ndikuuzani kumene ndinapita naye. Koma mundilole ndiyambire kutali, chifukwa ulendo wa Lachitatuwo ndinayenera kuunyamuka amayi anu akadali ndi zaka zinayi.

Lolemba lija, Tamala, unafika pano maso ali psuu. Unati kalulu wako unamugula ali kamwana koyera mbuu, unamusiya kwa mnzako Mutinta tchuthi chonse pamene unali kwa azakhali ako ku Lusaka, ndiye wabwerako wapeza kalulu wa mphuno yakuda ndi makutu akuda. Unati, "Mutinta ananichinjila. Sinizakamba naye futi." Dalitso anamujambula kuti foni inene mtundu wake, foniyo n'kutchula mitundu itatu nthawi imodzi, ngati sing'anga wanjala. Ine ndinangomuyang'ana kaluluyo osanena kanthu. Simunadabwe? Ine kukhala chete! Mwana wanga, mawu amene unanenawo ndi anga. Ndinawanenapo ine ndi pakamwa pomwe pano, mano akadali onse.

Ndinabwera ku Kafue ndili mnyamata, kudzafuna ntchito ya njanji. Inu masiku ano mumadandaula minibasi ikangoima pang'ono kudikira anthu. Ife tinachoka ku Katete m'basi imene inkafa pa phiri lililonse, amuna n'kutsika kukankha, ndipo chuma changa chonse chinali m'kabokosi kachitsulo: bulangete limodzi, malaya awiri, ndi mtedza umene amayi anandikazingira. Ntchito ndinaipeza. Tinkayenda pa ngolo yokankha ndi manja, kumanga zitsulo zamasuka, kusintha matabwa owola pansi pa njanji. Taonani manja awa. Inu mumatuluka matuza chifukwa chokolopa chipinda chimodzi.

Kuno ku Nangongwe khomo loyandikana ndi langa kunali munthu wina wamtali, wosalankhulalankhula, dzina lake ba Mweemba. Anali Mtonga wa kutsidya kwa mtsinje, msodzi. Sindinkadziwa munthu aliyense m'tauni muno, ndipo iwowo ndi amene anayamba kundipatsa moni. Tsiku lachitatu anandiponyera mlamba pakhomo, amvekere, "A Phiri, dyani nsomba, mbeba kuno kulibe." Ine ndinabweza kuti munthu womwa mkaka wowola sangandiphunzitse kudya. Basi, chinzake chinayambira pomwepo. Iwo ankandinyoza za mbewa, ine ndinkawanyoza za mabisi, mkaka wawo wowola uja, kwinaku tikumwera chibwantu m'chikho chimodzi. Malungo atandigwetsa chaka china, ba Mweemba anandimangirira kumsana kwawo ndi chitenje kuti ndisagwe panjinga, n'kundipalasa mpaka ku chipatala. Nditakwatira agogo anu aakazi, a Nabanda, amene anatithandiza kufolera denga ndi iwowo. Mbale wa bere limodzi sakanachita zoposa pamenepo.

Tsopano za kalulu. Amayi anu Esnati anali kamtsikana kamakani, ndipo musandifunse kumene Tamala anatengera. Loweruka lina mvula ikupita kumapeto ndinapita nako ku siteshoni, ndiye panali munthu wotsika sitima ali ndi dengu la tiana ta akalulu. Esnati anapisa dzanja, n'kugwira kamodzi, n'kukakumbatira. Kumunyengerera kuti abweze, ayi. Kumuopseza, ayi. Anthu anayamba kusonkhana, ine manyazi, mpaka ndinagula.

Masiku amenewo kalulu anali ndiwo, basi. Kunena kuti mwana ali ndi kalulu wongocheza naye, anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Anzanga a ku njanji ankandifunsa kuti kodi ndimulembetsa liti sukulu. Koma kakaluluko kanali kokongola, ana inu. Koyera ngati thonje longothyola kumene, maso ofiira, ndipo Esnati anakatcha Thonje. Pamphuno pokha panali kadontho kotuwa, kosaoneka bwino. Agogo anu aakazi ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu n'kupukuta, amvekere ndi fumbi la m'sitima. Kadontho kameneko mukasunge m'mutu, ine sindinakasunge.

Patangotha masabata awiri, a Nabanda anayenera kupita kumudzi kukachira, poti anali ndi pakati pa amalume anu a Yohane, ndipo nthawi imeneyo mkazi ankakabereka pafupi ndi amayi ake. Anatenga Esnati. Mwezi womwewo inenso a ku ntchito ananditumiza kummwera kukakonza njanji imene madzi anakokolola. Nanga Thonje? Ba Mweemba anati, "Musiyeni kuno, a Phiri. Nizamusunga monga mwana wanga." Ndinawasiyira khola limene ndinakhoma ndi matabwa otayidwa a ku njanji, ndi thumba la gaga. Esnati analira mpaka basi kunyamuka.

Tinabwerera tonse pakati pa chisanu. Inu mukuchidziwa chisanu cha Kafue, chija nkhungu imachoka kumtsinje n'kudzalowa m'mafupa. Kutangocha Esnati anathamangira kwa ba Mweemba, ine pambuyo. Ndinamva kukuwa ndisanafike.

"Uyu si Thonje! Atate, uyu si Thonje!"

Ndinasuzumira m'khola. Munali chikalulu chachikulu, chonenepa, thupi loyera inde, koma mphuno yakuda bii, makutu akuda, mapazi akuda, ngakhale kamchira. Ine magazi anakwera kumutu. Ndinali ndi mtima wapachala masiku amenewo, osati kufatsa kumene mukundiona nako lero. Mukuseka chiyani? Dalitso, ndakuona.

Ba Mweemba anali pampopi, akutsuka ukonde. Azimayi a mzere wonse anali pomwepo ndi zidebe zawo. Munthu wanzeru akanawaitanira kumbali. Ine ndinaima patali n'kukuwa.

"Iwe Mweemba! Kalulu wa mwana wanga uli naye kuti?"

Mumve bwino, ndinati iwe. Munthu amene ndinali ndisanamutchulepo iwe chidziwireni.

Anaimirira pang'onopang'ono, madzi akudontha m'manja. "Ni uja ali mu khola, a Phiri."

"Ndinakusiyira woyera! Wadya wa mwana wanga, kapena wagulitsa, n'kundiikira wamakala uja. Ukuyesa ndine wakhungu?"

"A Phiri, anachinja eka. Ine nenze kumuona tsiku na tsiku, mphuno inayamba pang'ono pang'ono."

"Kalulu kusintha yekha? Ndi bilimankhwe? Ndiwe wakuba, iwe, ndipo anthu onsewa amve. Sindidzalankhula nawenso!"

Ba Mweemba anandiyang'ana. Sanatukwane, sanakweze mawu. Anangoti, "Ni wanu uja. Mutengeni." Anakulunga ukonde wawo n'kulowa m'nyumba. Ndinanyamula kholalo ndekha, ndikudzimva ngati ndapambana mlandu.

Kunyumba a Nabanda anamukweza kaluluyo, kumuyeza kulemera m'manja, n'kundiyang'ana.

"Bambo a Esnati, munthu wokuberani kalulu amakubwezerani wonenepa chonchi?"

Ndinawauza kuti nkhani za amuna aziwasiyira amuna. Iwo anangoti chabwino. Agogo anu akati chabwino, dziwani kuti sizili bwino.

Esnati sanachedwe. Tsiku lachitatu ndinamupeza atagona chafufumimba pakhola akumupatsa kholowa, kaluluyo akudyera m'manja mwake, iye akuti, "Idya, Thonje." Ndinati, "Si unati si Thonje?" Anati, "Ni Thonje, anavala chabe masokosi." Mwana anamaliza nkhaniyo m'masiku atatu. Ine bambo wake ndinapitiriza kudutsa pakhomo la ba Mweemba khosi lili gwa, ngati ndameza mpini. Ndipo mawu anga anagwira ntchito, ana inu, zimenezi ndiye zimandiwawa. Azimayi ena analeka kugula nsomba kwa iwo. Nkhuku ikasowa mumzere, maso onse ankaloza khomo lawo.

Kutentha kutafika, ndinaona kuti makutu a Thonje ayamba kutuwa, kuda kuja kwachepa. Ndinadziuza kuti ndi fumbi. Munthu akafuna kusaona, saona.

Thonje anali wamkazi. Ndinaganiza kuti ndimupezere wamwamuna woyera, mwina pa ana ake pangapezeke woyera weniweni woti ndimupatse Esnati. Ndinabwereka kwa mnzanga wa ku ntchito, ndipo ndisanamulandire ndinamufufuza paliponse, m'makutu, kumapazi, kumchira, ngati wapolisi wa pamalire. Analibe ngakhale tsitsi limodzi lakuda. Patapita mwezi Thonje anazula ubweya wake wa pachifuwa n'kuyala chisa, n'kuswa ana asanu ndi mmodzi, ofiira, opanda ubweya. Ubweya utamera, onse oyera mbuu! Ndinavina. Ndinagula loko wamkulu n'kukhoma pakhola, kiyi ndinamumangirira pa chingwe m'khosi, ndinkapita naye ku ntchito, ndinkasamba naye. Ndinati tione amene andisinthire tsopano.

M'mawa wina, ana aja atayamba kutuluka m'chisa n'kumadya okha, ndinagwada kuti ndiwaikire chisoso. Kamodzi kanabwera kudzanunkhiza chala changa. Pamphuno pake panali kadontho kotuwa. Ndinakagwira n'kupukuta ndi malovu, osachoka. Ndinagwira kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu. Onse asanu ndi mmodzi, ngati anunkhiza mbaula yozima. Sabata yotsatira makutu anayamba. M'khola langa, ndi loko wanga, kiyi ali pakhosi panga.

Ndinakhala chogwada pomwepo. Sindinamve kuti a Nabanda aima kumbuyo kwanga. Anayang'ana ana aja, n'kuyang'ana ine.

"Loko wanu ali bwino, bambo a Esnati?"

Kenako analoza kwa ba Mweemba.

"Khomo lake ndi ilo. Mapazi khumi sakwana. Pitani."

"Ndipita mawa."

Mawa! Ana inu, palibe mawu amene anandibera zambiri pa moyo wanga kuposa amenewa. Mawa litafika ndinati ndatopa. Linalo ndinati ndidikire Loweruka. Loweruka ndinati ndinawanyoza pagulu, ndiye kupepesa kuyeneranso kukhala pagulu, ndipo pagulu ndinkaopa. A Nabanda akandikumbutsa ndinkati, "Pepani sapoletsa chilonda." Iwo ankati, "Eya, koma chilonda chosatsuka chimanunkha." Chisanu chisanabwerenso, ba Mweemba anapeza ntchito ku fakitale ya nsalu n'kusamukira ku Estates. Ndinawaona akukweza katundu pa ngolo. Ndinaima kuseri kwa chitseko changa, ndikusuzumira pa mng'alu, munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

Zaka zinayamba kuthamanga. Esnati anakula, Yohane anakula, zidzukulu za Thonje zinadzaza Nangongwe chifukwa a Nabanda ankagawira aliyense wopempha. Sindingadabwe ngati uyu wa Tamala ali wa mbumba yomweyo. Ba Mweemba ndinkakumana nawo pamsika kapena pamaliro, n'kupatsana moni wa anthu ongodziwana nkhope. Njanji inandipumitsa. Tsitsi linayera, ndipo langa silinade ndi chisanu. Agogo anu aakazi atatisiya, ba Mweemba anabwera ndi mtolo wa nkhuni panjinga, ngakhale panalibe amene anawatumira uthenga. Anakhala masiku onse atatu. Potsanzika anandigwira dzanja, ine ndinafuna kupepesa, koma mawu amene anatuluka ndi akuti, "Zikomo pobwera." Ndinadzida tsiku limenelo, ndikukuuzani zoona.

Ndiye Lolemba uja wabwera iwe, Tamala, ndi katoni yako ndi mawu anga m'kamwa mwako. Lachiwiri ndinayendayenda pabwalo pano ngati nkhuku yofuna kuikira. Lachitatu inu mutapita ku sukulu ndinavala jekete, ndinanyamula katoni, n'kukakwera minibasi. Kondakitala amvekere, "Ba mudala, mu katoni muli chani?" Ndinati muli loya wanga. Anandisiya.

Ku Estates ndinafunsa makomo atatu ndisanapapeze. Anandilandira mpongozi wawo n'kundizungulitsa kuseri kwa nyumba. Ba Mweemba anali pampando akuothera dzuwa, bulangete m'miyendo. Akalamba, ana inu, msinkhu uja wapindika. M'maso mwawo mwayera ng'ala, saonanso.

"Odi, ba Mweemba."

Anapendeketsa mutu. "Mau ayo niyaziba. A Phiri? Kuli malilo?"

Mwamva? Munthu kumva mawu anga, choyamba kuganiza maliro, poti ndi kokhako kumene tinkakumana.

"Kulibe maliro. Ndabwera ndi kalulu wa mdzukulu wanga. Tikufuna kudziwa mtundu wake, foni yalephera."

Anatambasula manja. Ndinamuika pamiyendo pawo. Anamusisita kuyambira kumutu, kuyeza makutu ndi zala, kupapasa msana, kugwira m'chiuno, pang'onopang'ono, kaluluyo ali phee ngati akuwadziwa.

"Maso yake?"

"Ofiira."

"Mphuno?"

"Yakuda. Makutu, mapazi ndi mchira, zakudanso."

"Anabadwa nayo mphuno yakuda?"

Apa ndiye panali pamtsetse.

"Ayi. Anabadwa woyera. Amabadwa oyera, ba Mweemba, amada akamakula, ndipo chisanu chikafika amaderatu."

"Anakuuzani ndani?"

"Palibe. Ndinaona ndekha pa ana a Thonje, m'khola langa, nditakhoma loko. Chaka chomwe chija."

"Chaka chamene chija," anabwereza motero, dzanja likadali pamsana pa kalulu.

Ndinatsika pampando n'kugwada pa dothi, mawondo awa akulira ngati chitseko chakale. Ndinati, "Ba Mweemba, ndinakulakwirani. Ndinakutchulani wakuba pamaso pa anthu, inu musanabe kanthu. Munandisungira kalulu bwino kuposa mmene ndikanamusungira ine. Ndinadziwa kalekale, manyazi ndi amene anandimanga miyendo. Pepani. Ndikhululukireni."

Mpongozi uja anali ataima pakhomo ndi makapu, ndipo ana awiri a pafupi anasuzumira pampanda. Gulu limene ndinkaliopa lija linapezeka lokha, ndipo sindinafe.

Ba Mweemba anayamba kugwedezeka mapewa. Ndinayesa akulira. Ankaseka, misozi ikutsika m'maso oyerawo, mwina zinali zonse ziwiri.

"A Phiri, imwe anthu a njanji! Sitima yanu yachedwa maningi."

"Yachedwa, koma yafika."

"Nyamukani, muzathyoka, ine siningakunyamuleni futi pa njinga." Anafufuza dzanja langa n'kulikoka. Kenako anandiuza chinthu chimene chinandimaliza. Sabata yomwe ija ndinawanyoza, iwo anavala malaya abwino n'kupita ku Boma kukafunsa alangizi a ziweto, chifukwa nkhaniyo inkawasowetsa mtendere. Alangiziwo anawafotokozera zonse. Kalulu woyera thupi lonse, wa maso ofiira, amene sada paliponse mpaka kukalamba, ndi mtundu wina. Koma wa maso ofiira amene amada mphuno, makutu, mapazi ndi mchira, malo amene amazizira msanga, alipo mitundu iwiri. Akakhala wochepa thupi, wowonda, wautali ngati mpini, amamutcha Himalaya. Akakhala wa msana wotambalala, wodzaza m'chiuno, wolemera m'manja, ameneyo ndi Kalifoniya.

"Uyu ni Kalifoniya," anatero akumusisita. "Na Thonje anali Kalifoniya. Dzina iyi nakusungilani zaka zonse izi."

"Nanga osabwera kudzandiuza bwanji?"

"Munakamba kuti simuzakamba na ine. Nenze kuyembekeza kuti mubwele mufunse."

Zaka makumi anayi, ana inu. Ine ndili ndi pepani m'thumba kuno ku Nangongwe, iwo ali ndi yankho m'thumba ku Estates, pakati pathu ulendo woti minibasi siitenthetsa n'komwe injini.

Tinakhala mpaka dzuwa kupendeka. Anatumiza mpongozi kuti abweretse chibwantu, ndipo anakana makapu awiri, anati chimodzi chikwana. Anandifunsa ngati ndikadyabe mbewa. Ndinati mano anatha, amvekere ndiye kuti Mulungu wayankha mapemphero awo. Loweruka likubwerali tikupita tonse, anati akufuna amve mawu a zidzukulu za a Nabanda, ndipo Dalitso, ukawawerengere zimene foni yako inanena kuti akaseke.

Ndiye mwamva kumene ndinapita naye. Tamala, taona mphuno yakeyo. Ndi wako yemweyo, palibe amene anakusinthira, wangovala masokosi monga ananenera amayi ako. Tamukweza umve kulemera. Mutinta ankamuthyolera kholowa tsiku ndi tsiku iwe ukudya mabanzi ku Lusaka, ndipo malipiro ake wamutcha wakuba pamaso pa anzanu a ku sukulu. Usalire, kulira ndinalira kale ine, kukukwanira tonse awiri.

Ukuti chiyani? Upita liti? Mawa?

Ayi, mwana wanga. Mawu amenewo pakhomo pano ndawaletsa. Dzuwa likadalipo, ndipo kwa Mutinta ndi nyumba yachitatu kuchokera pampopi. Nyamula katoniyo. Ndipatse ndodo yanga, Dalitso, ndimuperekeze mpaka pampanda.